Disiku Imene a Celestino Sanaione

A Celestino Chakondwa amakonza zinthu pakhonde la nyumba yachitatu kuchokera pamene pamaima machapa, timabasi ta ku Tete, kuseri kwa msika wa Ulongwe. Baraka ya amayi anga, momwe ndimagulitsa nsalu, inayang'anizana ndi khondelo. Zambiri zimene ndalemba pano ndinaziona ndi maso anga, ndipo zina anandiuza okha masiku amene ogula kulibe.

Anabadwira ku Lifidzi. Nkhondo itafika kumeneko anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anathawira ku Dedza pamodzi ndi amayi awo. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kukonza mawailesi. Sukulu anaphunzira ya ku Malawi, analekezera Sitandade 6. N'chifukwa chake Chingelezi amachiwerenga pang'onopang'ono, akulondola ndi chala, koma amachimva. Chipwitikizi anachita kutola ndi makutu atabwerera kuno mu 1993. Mawailesi atachepa anayamba makanema, kenako mafoni. Makompyuta atayamba kubwera kuchokera ku Joni ndi ku Beira, akale otha ntchito kwa eni ake, anthu anawatengeranso pakhonde lomwelo.

Ndi munthu wamfupi, wosalankhula kwambiri, ndipo pantchito sakhulupirira mawu a mwini chinthu. Wina akati, "Yangozima yokha," iwo amayamba ainunkhiza. Tima parafuzu, timisomali tomanga mozunguliza, tonse tomwe amasula amatiika m'zitsekerero za mabotolo, zitandandalikidwa monga momwe anamasulira, ndipo mphepo ikawomba amaphimba zitsekererozo ndi mkono asanaganize za chipewa chawo.

Kompyuta ikadwala kwambiri, amafufuta zonse za m'kati ndi kuikamo sisitema yatsopano. Kuno timati kuformatari. Tsiku lina ndinawamva akufotokozera mphunzitsi wina chifukwa chake ntchitoyo siithera pamenepo.

"Kompyuta yoformatari ili ngati mkamwini wongofika kumene pamudzi," anatero. "Manja ali nawo, mphamvu ali nazo. Koma sadziwa pomwe khasu limakhala, sadziwa kuti apongozi amayankhidwa bwanji. Chipangizo chilichonse chili ndi kapulogalamu kake komwe kamauza kompyuta mmene ingalankhulire nacho. Timeneto ndiye madraiva. Mukaika draiva ya chinthu china, mkamwini alonjera apongozi ngati akulonjera mnzake wa ku mowa."

Choncho anali ndi lamulo. Sankafufuta kanthu asanakopere madraiva pa fulashi yawo. Kompyuta ikakhala yoti siyaka n'komwe, ankafuna disiku ya chipangizocho ikhale patebulo pawo, aione, aitembenuze, aiyese. Anthu ankadandaula kuti amachedwetsa, koma pa zaka zonsezo palibe amene anabwerera kwawo ndi chinthu choipa kuposa mmene chinabwerera.

Lamulolo analiswa kamodzi, Lachisanu lina la mwezi wa Agosto, ndipo analiswa chifukwa cha ulemu.

Dona Isaura ali ndi chipinda nyumba yotsatira. Amalemba zikwangwani ndi malaya, ndipo ali ndi makina odulira zilembo papepala lomata, otalika ngati mkono wa munthu, okhala ndi kampeni kamene kamayenda uku ndi uku. Makina ena otero ine sindinawaonepo m'tauni muno. Dona Isaura ndi amene ananyamula Rita, mwana wotsiriza wa a Celestino, pa ubatizo. Kuyambira tsikulo awiriwa satchulana mayina. Ndi kompadre ndi komadre, ndipo a Celestino amavula chipewa akamalowa m'chipinda chawo.

Mmawa umenewo Dona Isaura anabwera atanyamula kompyuta yawo pachifuwa. Ana a sukulu anali ataidwalitsa ndi mafulashi awo, ndipo inali itasiyiratu kuyaka. A Celestino anatulutsa chosungira cha m'kati, napulumutsa mafayilo onse pamodzi ndi pulogalamu yolembera zilembo. Koma madraiva sanatheke kukopera.

"Komadre, disiku ya makina aja ilipo?"

"Ilipo, kompadre. Ili kunyumba m'mala, m'sutikesi muja, pansi pa zovala zanga za ukwati. Ndinaiika ndekha."

Ndinaona a Celestino akuima kanthawi, dzanja lili pamwamba pa kompyuta. Akanakhala munthu wina akanati, kaitengeni kaye. Koma kuuza komadre kuti akatenge kaye n'chimodzimodzi kumuuza kuti mawu ake ndi osakwanira. Anagwedeza mutu, nayamba kufufuta.

Ifeyo sitinkadziwa kuti ntchito ina inali ikudikira makinawo tsiku lomwelo. Tinadziwa cha m'ma 9 ora, pamene mayi wina wa zaka ngati makumi asanu anafika, mapazi ali fumbi, atagwira kapepala kopinda. Anali a Páscoa, a kumudzi wina kupitirira Lifidzi. Amayi awo anamwalira chaka chomwe anthu anabwerera kuchokera ku Malawi, ndipo manda awo anakhala zaka makumi atatu ali ndi miyala yokha. Chaka chino ana anagwirizana zomanga chiliza. Alongo awo awiri, wina wa ku Lilongwe wina wa ku Tete, anabweretsa simenti ndi mmisiri. Gawo la a Páscoa, amene ndi mwana wamkulu komanso amene anatsala pamudzi, linali dzina. Anakana kuti lilembedwe ndi msomali pasimenti yaiwisi monga amachitira ena. Anafuna zilembo zowongoka, zodula pamakina, zoti mmisiri amate pachiliza n'kupaka tinta, ndiye kuti penti. Mwambo wovundukula chilizacho unali mawa lake mmawa, ndipo abale anali atafika kale.

"Munati Lachisanu," anatero a Páscoa kwa Dona Isaura. "Lachisanu ndi lero."

"Khalani pansi, mana, mchemwali wanga. Ikatha ora imodzi mukhala mutanyamula."

"Chapa yomaliza ya kwathu siidikira 15 ora ikadzaza. Ndipo mmisiri akuti tinta imafuna dzuwa."

Anakhala pansi pafupi ndi khonde, natambasula miyendo, kapepala kali pamiyendo pawo.

Pofika 10 ora sisitema inali italowa. Madraiva a galasi la kompyuta, a mawu ndi a rede, kapena kuti netiweki, a Celestino anali nawo pa fulashi yawo, ndipo onse analowa bwinobwino. Ananyamula kompyuta kupita m'chipinda cha Dona Isaura, nalumikiza chingwe cha makina. Kompyuta inalira kamodzi, n'kuonetsa kachizindikiro kachikasu ndi mawu oti chipangizo chosadziwika. Pulogalamu yolembera inatseguka, dzina la malemu linalembedwa, Dona Isaura anadina podulira. Kampeni sikanasunthe.

"Tsopano ndi nthawi ya disiku ija, komadre."

Dona Isaura anathamangira kunyumba. Anatha theka la ora. Atabwerera anali opanda kanthu m'manja, mpango utapendekeka, foni ili kukhutu.

"Vasco! Muli kuti? Bwerani kuno pompano, ndi njinga yanuyo."

A Vasco ndi amuna awo, ndipo amanyamula katundu wa anthu panjinga. Anafika akupalasa mosafulumira, matumba awiri a mbatata ali kumbuyo.

"Kwagwanji? Munthu ndili pantchito."

"Disiku yanga. Inali m'mala."

"Iti?"

"Yonyezimira. Pansi pa zovala za ukwati."

"Aaa, ija? Ija ikugwira ntchito kale." Anatembenuza njinga. Pansi pa chishalo, kumbuyo, panali disikuyo itamangidwa ndi waya. Anali ataiboola pawiri ndi msomali wamoto. "Chifunga cha mmawa malole sakuona munthu. Chiyikireni imeneyi, onse akundilambalala. Inu mumafuna igone m'mala, ine ndigone m'bokosi?"

Anthu awiri atatu amene anali ataima pafupi anaseka. Dona Isaura sanaseke.

"Zaka zonsezi ndakhala ndi munthu kapena ndi mbuzi? Mbuzi imadya zovala, inu mwadya ntchito yanga!"

"Mukanalemba kuti musagwire. Inu simulemba zikwangwani?"

A Celestino anawerama kumbuyo kwa njingayo. Anamasula waya, natsuka disikuyo ndi madzi ndi sopo, naipukuta ndi malaya awo. Inali ndi mikwingwirima ngati mbale yakale, ndipo bowo lina linadutsa pakati pa malo osungira zinthu. Anaiyesabe. Inazungulira, inalira ngati chimbudzi chili ndi ntchentche, n'kuima. Anayesa katatu.

Foni ya a Páscoa inalira. Ndinamva mbali yawo yokha.

"Ndikubwera, alongo... Ayi, akudula... Ndati akudula... Muuzeni mmisiriyo asagwire msomali. Asagwire!"

Atatseka anayang'ana a Celestino, osati Dona Isaura. Ndikuganiza kuti anali ataona kale amene nkhaniyo inali m'manja mwake.

Draiva ikatayika munthu amakaifuna pa intaneti, koma amafunika adziwe dzina la chipangizo. Makina a Dona Isaura analibe dzina. Anawagula ku Beira kwa munthu amene anawagulanso kwa wina, ndipo pamene panali chizindikiro panali patamatidwa timapepala toyeserera ta zaka zisanu ndi chimodzi. Anatimatula, pansi pake panali pulasitiki yoyera basi. A Celestino anatenga foni yawo, nayamba kuyang'ana zithunzi za makina odulira, akuyerekeza mabatani. Lachisanu ndi tsiku la anthu ambiri, rede imalemera, ndipo chithunzi chilichonse chinkatseguka kuyambira pamwamba ngati munthu akufunyulula mphasa. Patapita nthawi anapeza ena ofanana: mabatani asanu ndi limodzi, chivindikiro chotuwa. Anakopera draiva yake, naiika m'kompyuta.

Kachizindikiro kachikasu kanachoka. Dona Isaura anaomba m'manja.

"Dikirani tiyese kaye pa china chake," anatero a Celestino.

"Nthawi, kompadre! Yakwana 13 ora."

Dona Isaura anali atalowetsa kale pepala lomata. Anadina. Kampeni kanathamangira kumapeto, kanagunda, kanabwerera kakung'amba mzere wopingasa, kenako kanayamba kuzungulira malo amodzi kakulira. Pamene a Celestino ankazula chingwe kukhoma, pepalalo linali nsanza.

Dona Isaura anatsegula kabati, natulutsa chimene chinatsala cha mpukutu wawo. Anachiyeza ndi dzanja. Chinali chokwanira dzina limodzi.

"Lina limachokera ku Tete," anatero motsitsa mawu. "Lolemba."

A Páscoa anali ataimirira pakhomo.

"Bambo, ndiuzeni zoona. Ngati sizitheka ndipite. Ndikawauze alongo anga kuti simenti yawo yauma koma ine mayi anga ndalephera kuwalemba."

A Celestino anavula chipewa, ngakhale anali atachivula kale polowa n'kuchivalanso osadziwa.

"Mayi, cholakwa ndi changa. Ndinafufuta ndisanaone. Ndipatseni mpaka 14 ora ndi theka." Kenako anatembenukira kwa Dona Isaura. "Komadre, ndikupempha kutsegula makinawa."

"Kutsegula? Sanatsegulidwepo chibwerereni. Mukawapha, ndidya chiyani?"

"Kunja akufanana ndi ena ambiri. Amene amalankhula ndi kompyuta ali m'kati, ndipo ameneyo dzina ali nalo."

Dona Isaura anayang'ana makina, anayang'ana a Páscoa, kenako anatuluka panja n'kukaima chofulatira. A Celestino anamva kuti avomera.

Anabweretsa zitsekerero zawo za mabotolo ndi galasi lokuzira zinthu limene anachotsa m'kamera yakale. Parafuzu wachinayi anali wadzimbiri ndipo anakana. Anamudonthezera mafuta, nadikira, manja ali pamawondo, ngati kuti nthawi ndi yawo. Ine ndinali nditasiya baraka yopanda munthu kuti ndidzaonerere. Parafuzuyo atalola, chivindikiro cha m'mbali chinachoka. M'kati munali fumbi, zidutswa za pepala ndi mphemvu yakufa. Analondola ndi chala kuchokera polowera chingwe mpaka pa kachidutswa kakuda, kochepa kuposa njere ya nyemba. Anakapukuta ndi nsonga ya malaya, napendeketsa makina kuti kuwala kwa pakhomo kugwerepo, nawerenga zilembo ndi manambala kamodzikamodzi. Anazilemba pachikhatho ndi bolopeni. Anawerenganso kachiwiri, nakonza nambala imodzi.

Rede pamsika inali itafa. A Celestino anatuluka, nayenda mofulumira kukwera msewu wa ku Kalomwe mpaka pamtunda pomwe nyumba zimathera. Tinkawaona patali ataima m'mbali mwa msewu, foni ataikweza m'mwamba, malole akuwathira fumbi. Pambuyo pake anandiuza kuti fayiloyo inali yaing'ono kwambiri, yochepa kuposa nyimbo imodzi, koma inaduka kawiri itatsala pang'ono kutha.

Pamsika kondakitala wa chapa ya ku Lifidzi anali atayamba kukuwa.

"Atatu atsala! Atatu! Amayi a chiliza, mukukwera kapena mugona kuno?"

"Ndisungireni malo!"

"Malo sasungidwa ngati mbewu, mayi!"

A Celestino anabwerera 14 ora itadutsa, thukuta lili m'khosi ngakhale kunali mphepo. Anayamba achotsa draiva yolakwika ija, nazimitsa kompyuta, naiyatsanso. Dona Isaura ankaluma chala poona kuchedwa kwake. A Celestino anaika yatsopano, nalumikiza chingwe. Kompyuta inalira, ndipo pamndandanda wa zipangizo panatuluka dzina lokhala ndi manambala omwe anali pachikhatho chawo. Anatsegula pulogalamu, nasankha khomo lolankhulirana limene kompyuta inapatsa makinawo, nasinthanso mtundu wa makina umene anasankha poyamba.

Dona Isaura anatambasula dzanja kutenga pepala lomata lija.

"Ayi, komadre."

Anangonena mawu awiri omwewo, koma ndinali ndisanawamvepo akuwakaniza kanthu. Dona Isaura anabweza dzanja.

A Celestino anachotsa kampeni, namangirira bolopeni pamalo pake ndi mphira, nalowetsa pepala la thumba la simenti limene analiwongola ndi chigongono. Anadina. Bolopeni inatsika, inadikira, n'kuyamba kuyenda mofatsa. Inalemba V, inalemba I. Tonse tinawerama. Dzina lonse linatuluka, VITÓRIA SERAFIM, ndipo pansi pake chaka cha 1993.

"Ndi amenewo?" anafunsa a Celestino.

A Páscoa anayerekeza ndi kapepala kawo, chilembo ndi chilembo, milomo ikugwedera.

"Ndi amenewo."

Panja chapa inaliza hutala kawiri, ndipo tinamva chitseko chake chikutsekedwa. A Páscoa sanatembenuke.

A Celestino anabwezeretsa kampeni, nalowetsa chidutswa chomaliza chija. Dona Isaura anachiwongola katatu asanachisiye. Kampeni kanatsika. Phokoso lake linali laling'ono, ngati mbewa m'nkhokwe, mpaka kanabwerera pamalo pake. Dona Isaura anatenga singano, nayamba kuzula zilembo kuti patsale mabowo opakapo tinta. Pa chilembo cha R kachidutswa ka pakati kanatsala pang'ono kuchoka nawo, anakabwezera ndi chikhadabo, napuma mozama.

Pamene ankamaliza, chapa inali itapita kalekale. A Vasco, amene nthawi yonseyi anali atakhala pa matumba awo panja osayerekeza kulowa, anaimirira.

"Pali lole ya feteleza pa bomba pothira mafuta paja, ikupita cha komweko. Motorista woiyendetsa ndimamudziwa. Kwerani, mayi, ndikuthamangitseni."

Anagwetsa matumba a mbatata pakhonde la a Celestino osapempha. A Páscoa anapinda pepalalo mosamala mozungulira botolo kuti lisathyoke, nalikulunga m'nsalu, nalimangirira pachifuwa ngati khanda. Anakhala pakaliyala chammbali. Sanatsanzike aliyense, ndipo palibe amene anawaona ngati amwano.

A Celestino anatsala akubwezeretsa chivindikiro, parafuzu mmodzimmodzi kuchokera m'chitsekerero chomaliza kubwerera ku choyamba. Dona Isaura anaima pambali pawo nthawi yaitali.

"Kompadre, ndinali ndi chikhulupiriro kuti ilimo."

"Ndikudziwa, komadre. Simunaname."

Lachisanu lotsatira a Páscoa anabweranso kumsika kudzagulitsa nyemba, ndipo anaima pakhonde paja. Anati lole inawatsitsa dzuwa litapendeka, ndipo anapeza mmisiri atakhala pachiliza, msomali uli kukhutu, mlongo wawo wa ku Lilongwe akumuuza kuti ayambe. Anamata pepalalo, napaka tinta kuwala kukadalipo pang'ono. Usiku kunazizira, tinta sinaume bwino. Mmawa atachotsa nsalu yophimba, nsaluyo inanyamulako tinta ya chilembo chomaliza, moti M anatuluka wotuwa kuposa anzake.

"Koma likuwerengeka?" anafunsa a Celestino.

"Likuwerengeka. Azakhali athu, amene maso awo ndi ofooka, analiwerenga ali chiimire kumapazi kwa manda. Analitchula mokweza kawiri, kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati maliro ndi a dzulo."

A Celestino anagwedeza mutu. Anafunsa ngati kwawoko nyemba zachita bwino chaka chino, a Páscoa anati zachita pang'ono, ndipo anasenza dengu lawo kulowa mumsika.